Charles Kelman: woimba saxophone amene adasintha opaleshoni ya ng'ala

JOHANNESBURG – Munthu amene wapita kukachotsa ng'ala pa chipatala cha maso mumzinda uno, kawirikawiri amalowa m'mawa n'kubwerera kwawo masana a tsiku lomwelo, diso litaphimbidwa ndi kabandeji. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, opaleshoni yomweyi inkamugoneka munthu m'chipatala kwa masiku pafupifupi khumi, ndipo akatuluka ankavala magalasi ochindikala moyo wake wonse. Mwa anthu amene adathandiza kuti zinthu zisinthe chotere, palibe amene dzina lake limatchulidwa kuposa malemu Dr Charles Kelman a ku New York, m'dziko la America, omwe adamwalira m'chaka cha 2004.

Mbiri ya mkuluyu ikukhudza mabanja ambiri a m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa. Ku Mayfair ndi ku Fordsburg, komwe Amalawi ambiri amakhala ndi kugwira ntchito, uthenga ukafika wochokera ku Mangochi, ku Machinga kapena ku Mzimba woti kholo lasiya kuona, ana amakhala pansi n'kuyamba kuwerengera ndalama. Funso limakhala loti kodi amuitanitse kholoyo ku Joni kuno kuti adzachitidwe opaleshoni ya makina, kapena amutumize ku chipatala cha kwawo komweko. Ambiri amati makinawo ndi a laser, koma amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi a ultrasound, ndipo adawayambitsa ndi a Kelman.

Ng'ala ndi njira zakale

M'kati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kachilengedwe kotalika mamilimita 9 kapena 10 m'mimba mwake. Kagalasika kamakhala m'kathumba kopyapyala kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kulunjikitsa kuwala kumbuyo kwa diso kuti munthu aone bwino. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuchita chifunga monga limachitira galasi la nyali likada ndi utsi. Imeneyo ndiyo ng'ala. Ukalamba ndiwo umaibweretsa kwambiri, koma matenda a shuga, kuvulala m'diso, kusuta fodya ndiponso kugwiritsa ntchito mankhwala a mtundu wa steroid kwa nthawi yaitali zimaifulumizitsa. Ana ena amabadwa nayo. Palibe mankhwala odontheza kapena a zitsamba amene amaichotsa. Chimene chimathandiza ndi kuchotsa kagalasi kowonongekako basi.

Kwa zaka mazana ambiri, asing'anga a ku India, ku Arabia ndi m'madera ena a mu Africa ankabaya diso ndi chitsulo chosongoka n'kukankhira kagalasiko m'kati. Ena ankaonako pang'ono, koma ambiri maso awo ankafa ndi mafinya. M'chaka cha 1747, dokotala wa ku France, Jacques Daviel, adayamba kung'amba diso n'kutulutsiratu kagalasiko. Pofika nthawi imene a Kelman ankaphunzira ntchito, madokotala ankacheka pafupifupi theka la mzere wozungulira kutsogolo kwa diso, bala la mamilimita 10 mpaka 12, n'kukoka kagalasi konse pamodzi ndi kathumba kake. Kenaka ankasoka balalo ndi kumugoneka wodwala osatembenuka kuti ulusi usamasuke. Kwa nkhalamba, kugona kotereku kunkabweretsanso mavuto ena monga chibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo.

Mwana wokonda nyimbo

Charles David Kelman adabadwa pa 23 May 1930 ku Brooklyn, ndipo adakulira ku Queens, mumzinda womwewo wa New York. Bambo awo, a David Kelman, adali Myuda wochokera ku Greece, munthu wokonda kutulukira zinthu zatsopano ngakhale kuti sadalemere nazo. Mwanayo adatengera mtima umenewu, koma chimene adachikonda koposa ndi nyimbo. Ali mnyamata ankaimba saxophone ndi clarinet, ndipo ankalota zodzakhala woimba wotchuka.

Malinga ndi zimene eni ake adalemba m'buku la mbiri ya moyo wawo lotchedwa Through My Eyes, lomwe lidatuluka mu 1985, tsiku lina bambo awo adawauza kuti awaimbire nyimbo. Nyimbo itatha, adawafunsa ngati akuganiza kuti aimba kuposa Jimmy Dorsey, katswiri wa saxophone wa masiku amenewo. Mnyamatayo atavomera kuti sadafikepo, bambowo adagamula kuti akaphunzire udokotala, nyimbo zibwere pambuyo.

A Kelman adamaliza digiri yoyamba pa Tufts University mu 1950, ndipo adapita ku University of Geneva, m'dziko la Switzerland, komwe adalandira digiri ya udokotala mu 1956. Atabwerera kwawo adagwira ntchito pa Kings County Hospital ku Brooklyn, kenaka adakaphunzira za maso pa Wills Eye Hospital ku Philadelphia. Mu 1960 adatsegula ofesi yawoyawo ku New York. Nyimbo sadazisiye. Nthawi yomweyo adajambula nyimbo yotchedwa Telephone Numbers pogwiritsa ntchito dzina loti Kerry Adams. Nyimboyo idayamba kumveka pa mawailesi, koma posakhalitsa idaphimbidwa ndi gule wa twist amene adatenga mitima ya achinyamata. Apa m'pamene nzeru zawo zonse zidatembenukira ku diso.

Kuchokera ku chisanu kufika kwa dokotala wa mano

Chipangizo chawo choyamba, cha mu 1962, chidali kandodo kachitsulo kozizira koopsa. Kakakhudza kagalasi ka m'diso, kagalasiko kankauma ndi chisanu n'kumatirira, ndipo dokotala ankakakoka mosavuta. Pa njira imeneyi adawatsogolera ndi dokotala wa ku Poland, Tadeusz Krwawicz wa ku Lublin, amene adaifalitsa mu 1961. Mu 1963 a Kelman adagwiritsanso ntchito chisanu pomata retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso, ikang'ambika. Komabe chisanu sichidathetse vuto lenileni. Bala lidali lalikulu monga kale, chifukwa kagalasi kankatuluka kathunthu.

A Kelman adaganiza kuti ngati kagalasiko kataphwanyidwira m'kati momwemo, zidutswa zake zikhoza kutulukira pa kabowo kakang'ono kosafuna kusoka kwambiri. Mu 1964 bungwe la John A. Hartford Foundation lidawapatsa ndalama pafupifupi madola 300,000 kuti achite kafukufuku wa zaka zitatu. Adayesa zipangizo zambirimbiri pa maso a amphaka: timabolo tozungulira, timipeni topera, ngakhalenso kathumba kokolera kagalasi kuti akafinyiremo. Zonsezi zidalephera. Chitsulo chikazungulira, kagalasi kankazungulira nacho limodzi n'kukanda mkati mwa cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, ndipo disolo linkachita mtambo.

Ndalama zili pafupi kutha, ndipo alibe chooneka choti akauze eni ndalamazo, a Kelman adapita kukatsukitsa mano. Dokotala wa mano adagwiritsa ntchito chipangizo cha kampani ya Cavitron, chimene chimachotsa litsiro louma la m'mano ndi kachitsulo konjenjemera mofulumira kwambiri. Ali pa mpando womwewo, a Kelman adazindikira chimene chinkasowa. Chitsulo choyenda pang'onopang'ono chimakankha chinthu, pamene chitsulo chogunda maulendo zikwi zambiri pa sekondi imodzi chimachiswa chisanapeze mpata wosuntha. Mothandizana ndi injiniya wa ku Cavitron, Anton Banko, adapanga makina oyamba ochotsera ng'ala mwa njira imeneyi.

Mu 1967 adafotokoza njira yawo m'magazini ya madokotala ya American Journal of Ophthalmology, ndipo adaipatsa dzina loti phacoemulsification. Chiyambi cha dzinali ndi mawu a Chigiriki akuti phakos, otanthauza mbewu ya mtundu wa nyemba yophwatalala imene maonekedwe ake amafanana ndi kagalasi ka m'diso. Mbali yotsalayo ikunena za kusandutsa chinthu cholimba kukhala phala. Madokotala amangofupikitsa kuti phaco.

M'chaka chomwecho adachita opaleshoni yoyamba pa munthu. Wodwalayo adali bambo wachikulire amene diso lake lidali lakufa kale ndipo linkayembekezera kuchotsedwa chifukwa cha ululu, choncho adavomera kuti ayeserepo. Opaleshoniyo idatenga maola anayi, singano idanjenjemera m'diso kwa nthawi yopitirira ola, ndipo disolo lidawonongeka kotheratu. A Kelman adabwerera kukakonza makina ndi kachitidwe kawo, ndipo m'zaka zochepa zotsatira odwala awo adayamba kuona.

Mmene makinawo amagwirira ntchito

Dokotala amagwira chipangizo chonga cholembera, chimene kunsonga kwake kuli singano yachitsulo cha titanium yokhala ndi mphako. Singanoyo imanjenjemera maulendo pafupifupi 40,000 pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse imasuntha kamtunda kochepa zedi kosaoneka ndi maso. Kunja kwa singanoyo kuli kachikuto kofewa kamene kamalowetsa madzi amchere m'diso, kuti aziziritse chitsulo ndi kuti diso lisafwaphe. Mphako ya singano imayamwa zidutswa za ng'ala. Zonsezi dokotala amazilamulira ndi phazi: akaponda pang'ono madzi amalowa, akaonjeza makina amayamba kuyamwa, akapondereza singano imayamba kunjenjemera. Bala lake ndi la mamilimita awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri limatsekeka lokha.

Zaka za mkangano

Madokotala akuluakulu a maso ku America sadailandire njirayi ndi manja awiri, ndipo zina mwa zifukwa zawo zidali zomveka. Makina oyambawo adali aakulu, odula ndi ovuta kuwalamulira. Ankafuna kuti dokotala achite opaleshoni akuyang'ana mu maikulosikopu, luso limene ambiri a iwo adalibe. Odwala ena a madokotala ongoyamba kumene adawonongeka cornea, ndipo ena zidutswa za ng'ala zidagwera m'kati mwa diso. Pakati pa zaka za m'ma 1970, komiti ya bungwe la madokotala a maso ku America idafufuza zotsatira za njira zonse ziwiri, ndipo idapeza kuti phaco siyoopsa kuposa njira yakale. Apo m'pamene otsutsa adayamba kuchepa mphamvu.

Khalidwe la a Kelman lidaonjezera moto. Pa nthawi imene madokotala ankaona kudzitsatsa ngati chamanyazi, iwo ankaonekera pa wailesi yakanema, kuphatikizapo pulogalamu ya Johnny Carson ya The Tonight Show. Ankaulutsa okha ndege ya helikopita. Adaimba ku Carnegie Hall, ndiponso adaimbapo ndi akatswiri a jazz monga Lionel Hampton ndi Dizzy Gillespie. Pakati pa odwala awo padali Hampton yemweyo, katswiri wa nkhonya Joe Frazier ndi katswiri wa mafilimu Hedy Lamarr. Anzawo ena ankati zonsezi ndi matama. Koma kutchuka kumeneku kudachititsa kuti odwala ayambe kufunsa madokotala awo za njira yatsopanoyo, ndipo madokotala ambiri adapita ku New York kukaphunzira pa maphunziro amene a Kelman ankachititsa.

Amene adamaliza ntchitoyo

Njira ya a Kelman payokha sikadakwanira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo padatenga zaka zoposa makumi awiri kuti ena abweretse zimene zinkasowa.

Choyamba chidali kagalasi kolowa m'malo mwa kachilengedwe. Dokotala wa ku Britain, Harold Ridley, adaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege za nkhondo tikalowa m'maso mwa oyendetsa ndege, diso silinkatikana. Mu November 1949, pa St Thomas' Hospital ku London, adayamba opaleshoni yoika kagalasi ka pulasitiki yomweyo m'diso la munthu. Koma pulasitikiyo idali youma gwa. Dokotala wa phaco akachotsa ng'ala pa bala la mamilimita atatu, ankayenera kulikulitsanso kufika mamilimita 6 kapena 7 kuti kagalasi kalowe, ndipo phindu la bala laling'ono linkatayika. Vutoli lidatha mu 1984 pamene Thomas Mazzocco wa ku California adabweretsa kagalasi kofewa ka silicone, kamene kamapindidwa polowa n'kukatambasukira m'kati.

Chachiwiri chidali chitetezo cha cornea, ndipo apa dziko la South Africa lili ndi gawo lake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Dr Robert Stegmann wa ku Pretoria ndi Dr David Miller wa ku Boston adasonyeza kuti mankhwala ena onanda, otchedwa sodium hyaluronate, akathiridwa m'diso pa nthawi ya opaleshoni amateteza mkati mwa cornea ndi kusunga mpata woti dokotala agwiriremo ntchito. Mankhwalawo, amene poyamba ankatengedwa ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala, adayamba kugulitsidwa mu 1980 ndi dzina loti Healon.

Chachitatu chidali katsegulidwe ka kathumba ka kagalasi. Pakati pa zaka za m'ma 1980, Howard Gimbel wa ku Canada ndi Thomas Neuhann wa ku Germany, aliyense payekha, adapeza njira yong'amba kathumbako mozungulira ndi mosalala, kuti kasamang'ambike kopitirira pamene singano ikugwira ntchito. Zinthu zitatuzi zitakumana, phaco idafalikira mofulumira. Pofika 1990, pafupifupi theka la madokotala a ng'ala ku America adali ataitenga, ndipo zaka za m'ma 1990 zisanathe adali ataitenga pafupifupi onse.

Ulemu ndi imfa

Amene ankanyozedwa uja adayamba kulemekezedwa. Mu 1992 Pulezidenti George H. W. Bush adawapatsa mendulo ya National Medal of Technology. Nzeru yawo idadutsanso malire a diso: chipangizo chofanana nacho, chonjenjemera ndi kuyamwa, chidayamba kugwiritsidwa ntchito pochotsa zotupa za mu ubongo ndi pa opaleshoni ya chiwindi. A Kelman adalembetsa zotulukira zawo zoposa 100, kuphatikizapo mitundu ya timagalasi toika m'diso ndi singano ya phaco yopindika kunsonga imene imadziwika ndi dzina lawo. Adamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 1 June 2004 ku Boca Raton, m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 74. Chaka chomwecho dzina lawo lidalowa mu National Inventors Hall of Fame, ndipo atamwalira kale adapatsidwa mphotho ya Lasker, imodzi mwa mphotho zikuluzikulu za udokotala ku America.

Kuyerekeza njira za ultrasound

Kuyambira pa opaleshoni yoyamba ija, funso lalikulu la madokotala lakhala limodzi: kodi ng'ala ingaphwanyidwe bwanji ndi mphamvu yochepa? Chifukwa chake chili mkati mwa cornea. Mmenemo muli maselo amene amapopa madzi kuti cornea ikhale yoyera. Munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi 2,500 pa kamalo ka milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo akafa sabadwanso ena. Singano ikanjenjemera nthawi yaitali, madzi akadutsa ambiri, kapena zidutswa zikamagundagunda pa maselowo, ambiri amafa. Singano imathanso kutentha n'kuwotcha bala. Choncho poyerekeza njira, ofufuza amayang'ana nthawi imene singano yanjenjemera, mphamvu yonse imene yalowa m'diso, kuchuluka kwa madzi, chiwerengero cha maselo otayika ndi mmene wodwala akuonera pambuyo pake.

Mbali imodzi ya yankho ili m'manja mwa dokotala. Gimbel adaphunzitsa njira yokumba ngalande mu ng'ala n'kuiswa pakati, ndipo mwa kachitidwe kofala ng'alayo imagawidwa panayi monga mmene amagawira dzungu. Mu 1993 Kunihiro Nagahara wa ku Japan adasonyeza njira yoigwira ng'ala ndi singano n'kuiwaza ndi kachitsulo kachiwiri motsata mitsitsi yake, ngati munthu wowaza nkhuni. Kuwazaku kumagwiritsa ntchito dzanja m'malo mwa makina, choncho pa ng'ala yolimba kumafuna ultrasound yochepa kuposa kukumba ngalande, ngakhale kuti n'kovutirapo kuphunzira. Mu 1994 Paul Koch adaphatikiza njira ziwirizi: ngalande imodzi poyamba, kenaka kuwaza.

Mbali ina ili m'makina. Makina a a Kelman ankayendetsa singano kutsogolo ndi kumbuyo, ngati chitsulo choswera miyala ya mumsewu. Kayendedwe kameneka kamadula pokhapokha singano ikamapita kutsogolo, ndipo kugunda kulikonse kumakankhira chidutswa kutali ndi mphako yoyenera kuchiyamwa. Opanga makina adayamba ndi kudula kunjenjemerako m'tizigawo tafupitafupi kuti singano izipuma ndi kuzizira. Kenaka, pakati pa zaka za m'ma 2000, kampani ya Alcon idabweretsa njira yotchedwa OZil, imene imapotokola singano maulendo pafupifupi 32,000 pa sekondi. Chifukwa singanoyo ndi yopindika kunsonga, nsongayo imasesa uku ndi uku, kudula mbali zonse ziwiri popanda kukankha chidutswa. Njirayi imadalira singano ya Kelman, ngakhale kuti mwini dzina sadakhale ndi moyo kuti aione ikufalikira. Kampani ina, AMO, idatulutsa njira yake yoyendetsa nsonga mozungulira ngati dzira.

Kafukufuku woyerekeza njirazi wapeza zofananirako. Pa ng'ala yofewa ndi yapakatikati, singano yopotokola imamaliza msanga, imatentha pang'ono, ndipo cornea imatupa mochepa m'masiku oyamba. Pa ng'ala yolimba kwambiri imatha kutsekeka, choncho makina amasakaniza ndi kugunda kwa kutsogolo kuti mphako itseguke. Pakapita mwezi umodzi kapena kuposerapo, odwala a njira zonsezi amaona mofanana. Owerenga zotsatira zotere ayenera kudziwanso kuti makina a makampani osiyana amawerengera mphamvu m'njira zosiyana, choncho manambala a makina awiri sangaikidwe pa sikelo imodzi mwachisawawa.

Nanga laser imene anthu amaitchula ija? Makina a femtosecond laser adayesedwa koyamba pa ng'ala mu 2008 ndi Zoltan Nagy ku Budapest, m'dziko la Hungary. Amacheka bala, kutsegula kathumba ndi kugawa ng'ala, koma zidutswazo zimachotsedwabe ndi singano ya ultrasound. Kafukufuku wamkulu wa ku France ndi wina wa ku Britain, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2020, adapeza kuti odwala a laser sadaone bwino kuposa a phaco wamba, pamene mtengo udali wokwera.

Kumene makina safika

Phaco imafuna makina odula, magetsi odalirika, zipangizo zotaya pa wodwala aliyense ndi amisiri okonza makinawo akawonongeka. Kuonjezera apo, odwala ambiri a m'midzi ya kuno amafika ku chipatala ng'ala itakhwima kwa zaka, ili yoyera mbee kapena yakuderako ndi yolimba, mtundu umene umafuna ultrasound yochuluka. N'chifukwa chake madokotala a ku Nepal ndi ku India, kuphatikizapo Dr Sanduk Ruit, adakonza njira ya manja yopanda ultrasound. Amacheka kanjira ka mamilimita 6 kapena 7 pa mbali yoyera ya diso, n'kutulutsa chikatikati cha ng'ala chathunthu, n'kuikamo kagalasi ka pulasitiki. Kanjirako kamatsekeka kokha osasoka. Timagalasi totchipa tidayamba kupangidwa ndi Aurolab ku Madurai, m'dziko la India, mu 1992, ndiponso ndi mafakitale a Fred Hollows Foundation ku Asmara ndi ku Kathmandu mu 1994.

Njira ziwirizi zidayerekezedwa maso ndi maso ku Nepal, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2007 m'magazini yomwe ija imene idafalitsa nkhani ya a Kelman zaka 40 m'mbuyomo. Odwala 108 a ng'ala yokhwima adagawidwa mwamaere. Theka lidachitidwa phaco ndi Dr David Chang, katswiri wa ku California, ndipo theka lina lidachitidwa njira ya manja ndi Dr Ruit. Patatha miyezi 6, odwala 98 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri ankaona bwino atavala magalasi. Njira ya manja inkatenga mphindi 9 pamene phaco inkatenga mphindi 15 ndi theka, ndipo zipangizo zake zinkadya madola 15 pa wodwala poyerekeza ndi madola 70.

Izi zikutanthauza kuti banja la ku Mayfair siliyenera kuganiza kuti kholo lawo likachitidwa opaleshoni ya manja ku Malawi ndiye kuti lalandira thandizo lachabe. Ku Johannesburg, odwala a boma amathandizidwa kwambiri pa St John Eye Hospital ya pa Chris Hani Baragwanath, ndipo zipatala zolipira zili ndi makina amakono. Ku Malawi opaleshoni ya ng'ala imachitika pa Lions Sight First Eye Hospital ya pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa zipatala zazikulu za Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, ndiponso pa chipatala cha mishoni cha Nkhoma. Ku Zambia kuli chipatala cha Mwami kufupi ndi Chipata ndi cha UTH ku Lusaka. Maziko a ntchitoyi ku Malawi adayalidwa ndi anthu monga malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso, amene adathandiza kukhazikitsa maphunziro a ogwira ntchito za maso ku Lilongwe ndipo adamwalira mu 2010. Chimene chimagamula ngati munthu aona bwino ndi luso la wochita opaleshoni, kuyeza diso molondola kuti aikemo kagalasi ka mphamvu yoyenera, ukhondo, ndi kubwereranso ku chipatala pa masiku amene dokotala wanena.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 94 miliyoni ali ndi vuto la kuona chifukwa cha ng'ala imene sinachotsedwe, ndipo ng'ala ndiyo imatsogola pa zoyambitsa khungu pa dziko lonse. Mu 2021 maiko a m'bungweli adagwirizana kuti pofika 2030 chiwerengero cha olandira opaleshoni ya ng'ala yopindulitsa chikwere ndi 30 pa 100 alionse ofunika thandizoli. A Kelman adasonyeza kuti ng'ala ikhoza kutuluka pa kabowo kakang'ono wodwala n'kukagona kwawo tsiku lomwelo, ndipo ngakhale njira ya manja imene zipatala zathu zambiri zimadalira idakula potsata cholinga chomwecho cha bala laling'ono losasoka. Ntchito imene yatsalira maboma a m'chigawo chino ndi yophunzitsa ochita opaleshoni okwanira, kugula timagalasi, ndi kupeza njira yoti nkhalamba ya kumudzi ifike pa chipatala ng'ala isanaikhazike m'nyumba.